Utawaleza wa pa Khoma la Sukulu

Ndikukumbukira chaka chimene mvula inadula chimanga chili m'mawondo, nkhondo ya Ajeremani isanayambe. Ndinali ndi zaka ngati khumi, ndikuphunzira pa sukulu ya mishoni kumapiri a Dedza. Wansembe wathu wachizungu, amene kumbali tinkawatcha a Chindevu, anabwera tsiku lina ndi kagalasi ka ngodya zitatu ndi chithunzi cha dzanja looneka mafupa okhaokha. Anati kwawo kuli kuwala kosaoneka ndi maso kumene kumapyola mnofu, koma ife tiyambe tayesa kuwala kwa dzuwa.

Anatseka zenera ndi bulangete n'kusiya kampata, kenaka anaitana ine ndi mnzanga Filipo wa kuseri kwa phiri. Filipo anagwira galasi pakampatapo. Ine ndinauzidwa kutchula mitundu imene ioneke, anzathu azilemba pa masileti. Galasi litangotembenuka, pakhoma panagwa utawaleza.

Kwathu ngakhale mwana ankadziwa kuti utawaleza umaletsa mvula, ukaoneka mitambo imabalalika. Tsono ife tinali titauitanira m'nyumba, chimanga chitayamba kale kupota masamba. Ndinatchula mitunduyo, wofiira, wachikasu, wobiriwira, mpaka wakumapeto umene ndinalibe dzina lake. A Chindevu anatibwerezetsa kangapo, poti iwo chinthu chochitika kamodzi sankachikhulupirira. Ulendo uliwonse wofiira unkakhala mbali yomweyo, ndipo ulendo uliwonse ine ndinkaganiza za munda wathu.

Pakamwa pa ana sipasunga kanthu. Dzuwa lisanalowe nkhani inali itafika kale kuchitsime, ndipo ndinapeza mayi akundidikira pakhomo. Sanandimenye, mwina zikanakhala bwino akanatero.

"Lamulungu likafika mvula isanagwe, kusukuluko usadzapondekonso," anatero.

Sukulu ndinkaikonda koopsa, ndipo ndinachita mantha kwambiri. Masiku amenewo khosi linandiwawa n'kuyang'ana kumwamba, chakudya osatsika. Ndinalimba mtima n'kukapempha a Chindevu kuti aphwanye galasilo. Iwo anangoseka, nati mitunduyo imakhala m'kuwala nthawi zonse, galasi limangoipatula monga lichero lipatulira mphale ndi gaga. Ndinachoka nditakwiya. Munthu wodya buledi akanadziwa chiyani za chimanga?

Loweruka masana mitambo inaunjikana cha ku Chongoni, mvula n'kukhuthuka. Ndinavina m'matope mpaka kugwa chagada. Mayi anangoti galasi la azungu latikhululukira, ndipo Lolemba ndinalawirira kusukulu.

Filipo sanabwere. Mvula ija inathera mbali yathu ya phiri, kwawo kunangodutsa mphepo ndi fungo la dothi lonyowa. Anthu akumeneko anati manja amene anagwira galasi ndi ake, ndipo bambo ake anamuletsa sukulu. A Chindevu anakwera phiri kukawadandaulira, koma anabwerako okha.

Ine ndinadzakhala mphunzitsi. Utawaleza ndauika pakhoma kosawerengeka, m'dzinja ndi m'chilimwe momwe, ndipo mvula sinasinthepo khalidwe lake. Tsopano ndimamvetsa chifukwa chimene mkulu uja ankatibwerezetsera. Makolo athu anaweruza mlandu wonse ndi mvula imodzi yokha. Inagwa kwathu, ine n'kudzagwira choko. Filipo, amene ankandinong'oneza mayankho a masamu, anakalamba ndi khasu m'manja.