Funso limene ndinalidumpha

Chizindikiro choyamba chinali kutopa. Kunayamba mu Januwale, mvula ili pakati. Ndinkadzuka thupi lili lolemera ngati ndachapa mabulangete tsiku lonse. Kenako chakudya chinasiya kukoma, ndipo kawiri konse ndinapitirira siteji yanga pa minibasi yochokera ku Area 25, maso ali tong'o koma mutu uli kwina. Ndinayezetsa malungo, sanapezeke. Magazi anali okwanira. Ndinangoti ndi ntchito.

Ntchito yanga ndi yolowetsa mayankho mu kompyuta. Anzanga amayenda ku Mgona ndi ku Chinsapo ndi mafomu a mafunso asanu ndi anayi, kufunsa amayi za tulo, chakudya, kutopa ndi maganizo. Yankho lililonse lili ndi malikisi ake, kuyambira ziro mpaka atatu, ndipo ukawonkhetsa umadziwa amene akufunika kuonana ndi dokotala. Funso lomaliza ndi lolemera: limafunsa ngati munthu amaganizapo kuti bola atangofa. Amayi ambiri akafika pamenepo amangowerama, wofunsayo n'kusiya mpata. Ine ndikapeza mpata wotere ndinkalemba ziro. Ndinkati munthu akakhala chete ndiye kuti palibe vuto, ndipo ndinachita zimenezi miyezi yambiri.

Mu Malichi anatitumiza ku maphunziro a sabata imodzi a kawerengedwe ka mafomuwa. Mphunzitsi wathu anali a Chirwa, bambo wachikulire wosaseka wamba. Lolemba ndi Lachiwiri anatiphunzitsa za avereji, koma ine manambala ankangondidutsa. Lachitatu anati aliyense ayankhe fomu yake osalemba dzina, kenako anasakaniza mapepala kuti aliyense awerengere la mnzake. Ndinayankha zoona poti panalibe dzina. Akanandifunsa pamaso ndikanati “ndili bwino, kaya inu,” monga timachitira tonse. Koma funso lomaliza ndinalidumpha.

Mnzathu wina anakweza dzanja n'kufunsa chochita ndi mpata umene anaupeza. A Chirwa anatenga pepalalo, ndipo ndinalizindikira chifukwa cha inki yanga yobiriwira.

“Mpata si ziro,” anatero. “Wonkhetsani mayankho enawo, mupeze avereji yake, muike pampatapo.”

Anawerengera pa bolodi. Malikisi anadutsa kutali mzere wofunika dokotala. Anaika choko pansi.

“Koma pa funso ili lokha, masamu sakwanira. Mumabwerera kwa munthuyo. Mwini pepalali sindikumudziwa, koma asadikire Lolemba.”

Ndinachita manyazi, komanso mantha. Lachisanu ndinajomba, n'kulawirira kuchipatala ndi buku langa la zaumoyo. Ndinakhala pa benchi kuyambira m'mamawa. Anandiyeza sikelo ndi BP, n'kundibwezera pa benchi pomwepo mpaka masana. Kangapo ndinafuna kungonyamuka. Nditalowa, anamwino anandifunsa mafunso omwe aja, mondondoza momwe ndimawadziwira. Atafika pa lomaliza anaika cholembera pansi.

“Musafulumire, mayi, ndilipo,” anatero.

Ndinayankha kuti inde, masiku ambiri. Kanali koyamba kulankhula zimenezi ndi pakamwa panga.

Dokotala anati ndi matenda a kukhumudwa, ndipo ndi matenda ngati shuga kapena BP. Anandipatsa mapilitsi akumwa tsiku lililonse ndi tsiku lokaonana ndi aphungu othandiza za maganizo. Masabata oyamba ndinkamva chizungulire, kukamwa kuli gwa, kusintha osakuona. Achemwali anga a ku Kawale anabwera kudzakhala nane, n'kumandiperekeza kuchipatala mwezi uliwonse. Pofika mu Juni ndinadabwa tsiku lina nditamva njala.

Nditabwerera kuntchito ndinaulula kwa abwana za maziro aja. Tinatulutsa mafomu onse, anzanga n'kubwerera khomo ndi khomo. Amayi ena anawapeza ndipo anawatumiza kuchipatala. Ena anali atasamuka, poti nyumba za lendi sizisunga munthu. Amenewo amandiwawa mpaka lero.

Panopa ndikudya, ndikugona, ndipo mankhwala ndikumwabe. Ndimatopabe, koma siteji yanga sindiipitiriranso. Ngati mwatopa masabata angapo, malungo osapezeka, mtima uli wolemera, pitani kuchipatala msanga ndipo mukayankhe mafunso onse, ngakhale lomalizalo. Inunso amene mumafunsa, munthu akawerama n'kukhala chete, musamulembere ziro. Ikani cholembera pansi, mudikire.