Asilikali a matako ngati mphika

Ku Makhanga madzi akadzaza, sukulu yathu inkasanduka chilumba. Ndikukumbukira chaka chimene ndinali mu Sitandade 5, madzi anachedwa kuphwa. Ana a kutsidya kwa dambo analeka kubwera, ndipo m'kalasi tinatsala ochepa, oti benchi lililonse munthu ankakhalapo yekha. Pansi pankanunkha chinyezi, choko chinkanyenyeka m'manja, ndipo achule ankalira ndi usana womwe.

Aphunzitsi athu anali a Alufandika, munthu wamtali, wolankhula pang'onopang'ono. Makolo awo anachokera ku Mozambiki iwo ali khanda, ndipo nkhani imeneyi sankakonda kuitchula. Tsiku lina, poona kuti maphunziro sakuyenda, anabwera ndi chitini cha mabisiketi chadzimbiri. Anati anawasiyira ndi mzungu wina amene ankayeza madzi a mu Shire, pobwerera kwawo. M'kati munali asilikali asanu ndi mmodzi a mtovu, aliyense kutalika ngati kamtengo ka machesi, kabuku kachingerezi kothothoka masamba, ndi kanthu ka madontho koponya kamene ankati dayisi.

Anatiuza kuti kalekale ku Mangalande mabanja awiri a pachibale analimbirana mpando wa ufumu. Ena chizindikiro chawo chinali duwa lofiira, ena duwa loyera. Azungu ena akuluakulu, a ndevu zawo, amasewera nkhondo imeneyi patebulo ndi tiasilikali, kuyeza mayendedwe ake ndi kandodo. Ife tinaseka, koma iwo sanaseke. Anati asanu ndi mmodzi sangamenye nkhondo, ndiye tikaumbe ena. Ankafuna a mitundu itatu: a mauta, a nkhwangwa zazitali zansonga, ndi ovala zitsulo okwera pa akavalo. Lachinayi adzasankha okhawo oyenera kukwera patebulo.

Kuumba ng'ombe ndi anthu inali ntchito ya anyamata. Atsikana tinkaumba timiphika ta masanje. Koma amayi anga anali oumba mbiya, ndipo dongo ndinalidziwa ndisanadziwe kulemba dzina langa. Ndinawapempha chibuma chimodzi cha dongo lawo lokandakanda, losakaniza kale ndi mapale osinja. Anabenthula pang'ono n'kundipatsa. Woyamba ndinamuumba ndi miyendo iwiri yowonda ngati wa mtovu uja. Amayi anamutenga, anamuimika pansi, n'kumenya dothi ndi chikhatho. Anagwa chagada.

“Nkhabe,” anatero m'Chisena, pokana. “Chinthu chimayambira pansi, Esinati. Ukufuna chiime kapena chioneke?”

Anamuphwanya, napanga tsinde lalikulu lathyathyathya ngati la mphika, n'kukwezapo thupi. Miyendo anangoilemba ndi kabango. Ndinaumba otsala onse motero, a mauta ambiri, a nkhwangwa angapo, ndi mfumu imodzi ya chisoti cha mano atatu. Tinawaumitsa pamthunzi kuseri kwa nkhokwe, ndipo amayi powotcha mbiya zawo anawaika m'kati mwa mbiya ina. Anatuluka ofiira ngati njerwa, ndipo ukawagogoda ndi chikhadabo ankalira ngwee.

Lachinayi aphunzitsi anayala chitseko chakale pamabenchi awiri. Benchi lina linali lopendama, choncho ndinalichirikiza ndi phale limene ndinatola panja. Aliyense anandandalika ake. Iwo anatenga msilikali wa mtovu kudzanja lamanzere ndi kamtengo ka machesi kudzanja lamanja, n'kumayenda pang'onopang'ono. Wamtali kupitirira machesi, kunja. Wosadziwika chimene wagwira, kunja. Akavalo anavuta, chifukwa m'kalasi monse munalibe amene anaonapo kavalo. Ambiri anatuluka ndi linunda ngati ng'ombe za kwathu, wina mpaka nyanga. Aphunzitsi anadula malinunda ndi mpeni, n'kunena kuti akavalo a ku Mangalande sanali olima.

Amene anakondweretsa kwambiri anali asilikali a Zuze, mnyamata wamkulu m'kalasi mwathu. Anali okongoladi. Miyendo yowonda, zisoti za pepala lonyezimira la m'paketi ya fodya, mauta a minga ya mtengo ndi ulusi wa thonje. Aphunzitsi anawatenga onse. Atafika pa anga anaima, ananyamula mmodzi, namuyang'ana kunsi.

“Awa ndi asilikali kapena ndi miphika?”

“Matako okhaokha, aphunzitsi,” anatero Zuze. “Akathawa bwanji?”

Kalasi lonse linaseka. Anga anaikidwa pawindo, pamodzi ndi kavalo wa nyanga uja. Sindinalire. Ndinangoganiza za dongo la amayi, limene likanakhala kankhali kabwino.

Chinatsala chinali kugawa mitundu. Theka la osankhidwa analipaka fumbi la choko, louma, n'kukhala oyera. Theka lina anyamata analipaka njerwa yosinja yosungunula m'madzi. Apa mpamene analakwitsa, ndipo mwana aliyense wa woumba akanawauza akanafunsa. Dongo lawo linali la m'dambo lopanda chosakaniza, loumitsa padzuwa, losawotcha. Litamwa madzi linayamba kutupa. Pofika Lachisanu m'mawa, gulu lonse lofiira linali litang'ambika, mitu kwina, mikono kwina. Aphunzitsi anayang'ana zibenthu za asilikali awo, kenaka anayang'ana pawindo. Anangoti, “Esinati, tabwera nayo miphika yako ija. Ndi yofiira kale.”

Tinayamba dzuwa litapendeka pang'ono. Mtsinje anaulemba ndi choko pakati pa chitseko, phiri linali chikho chovundikira. A mauta ankalasa kutalika kwa bango lalitali, a nkhwangwa ankayenda bango lalifupi, akavalo mabango awiri. Ukaponya dayisi n'kugwa madontho ambiri, mdani amachotsedwa. Zuze ankatsogolera oyera, ine ofiira, ndipo tsiku limenelo dayisi silinandikonde. A mauta anga anatha theka. Mfumu yanga inatsala pakona ndi a nkhwangwa anayi, akavalo a Zuze ataizungulira.

Nthawi imeneyo pakhomo panada. Anali a Kampira, mkulu wa anyamata a chipani m'dera lathu, atavala malaya awo ofiira. Anali atangotsika m'bwato, matope mpaka m'mawondo, ndipo anamva phokoso lathu. Tonse tinaimirira. Anazungulira chitseko kamodzi, manja kumbuyo.

“Aphunzitsi, phunziro lanji limeneli?”

“Mbiri yakale, bwana. Ya ku Mangalande. Kalekale.”

“Akumenyanirana chiyani?”

Aphunzitsi asanayankhe, Zuze, amene pakamwa pake sipankatsekeka, anayankha ndiye. Anati akulimbirana mpando, ndipo oyera atsala pang'ono kuulanda.

Tinali ana, koma tinkadziwa. Masiku amenewo mpando unali umodzi, ndipo za kuulimbirana sizinkanenedwa ngakhale mocheza. Munthu wina wa kumsika anatengedwa chifukwa cha mawu ochepa kuposa amenewa, ndipo mkazi wake ankangoti ali ku ulendo. Komanso kutsidya, kwawo kwa makolo a aphunzitsi, kunali nkhondo yeniyeni, ndipo masiku ena mphepo ikabwera bwino tinkaimva. Ndinaona thukuta likutsika kuseri kwa khutu la aphunzitsi mpaka m'kolala.

A Kampira anawerama, naloza ndi chala pakona panga.

“Ndiye mukuphunzitsa ana kuti ofiira amagonja?”

Ine ndinali nditaima pafupi ndi benchi lopendama lija, ndipo phale lija linali pa chala changa chachikulu cha kuphazi. Ndinakumbukira chikhatho cha amayi. Ndinachita dala, sindinama. Ndinalikankha ndi chala, linatuluka, benchi n'kugwera mbali yake yaifupi, gu. Chitseko chinagwedezeka kamodzi kokha. Oyera onse anagwa. Akavalo anathyoka miyendo, a mauta anagubuduka mpaka pansi, zisoti zonyezimira zinamwazikana, ndipo fumbi la choko linakwera ngati utsi. Anga anangosuntha pang'ono n'kuima pamene anali, mfumu ndi a nkhwangwa ake anayi ndi a mauta otsala aja.

A Kampira anayang'ana kanthawi, kenaka anaseka mpaka kugwira bondo.

“Mwaona? Ofiira sagwa! Aphunzitsi, phunziro labwino ili. Muzipitiriza.”

Anatola wa uta mmodzi, namugogoda ndi chikhadabo, naika m'thumba la malaya. Anati akamupatsa mwana wawo. Anatuluka akusekabe, ndipo anasiya matope pakhomo.

Zuze anandikwiyira sabata yathunthu chifukwa cha akavalo ake, ndipo anali ndi chifukwa, poti nkhondo ija anali atapambana. Tsiku limenelo, a Kampira atatuluka, aphunzitsi anakhala pansi kaye, manja pamawondo. Kenaka anatola asilikali awo a mtovu, kabuku ndi dayisi, natsekera m'chitini. Sitinachionenso chitinicho. Anga anawasonkhanitsa okha mmodzimmodzi, nandiikira m'chikho chija chinali phiri. Phale analitola n'kulibwezera pansi pa benchi, osandiyang'ana.

“Ukawauze amayi ako kuti takhuta,” anatero. Ndi mawu othokoza a Chisena, ndipo kanali koyamba kuwamva akulankhula Chisena pasukulu.

Ndinakawauza amayi. Anafunsa funso limodzi lokha, ngati panali amene anang'ambika. Nditati ayi, anapitiriza kukulungiza mbiya yawo.

Tsopano zinthu zinasintha. Malaya a mtundu uliwonse amavalidwa pamsika, ndipo anthu amakangana za mpando mokweza m'minibasi popanda woyang'ana kumbuyo. Mbiya zikuchepa, poti ndowa za pulasitiki n'zopepuka. Mwezi watha bambo a mwana wanga anam'bweretsera tiasilikali ta pulasitiki kuchokera ku boma la Chikwawa, tobiriwira tonse, tokongola, tamiyendo yowonda. Mwanayo ali ndi zaka zinayi. Amatindandalika pamphasa, mphepo ya masana imatigwetsa, ndipo amabwera akulira kudzandikoka chitenje.

Mwa asilikali anga aja anatsala ndi mfumu yokha. Ena anapita ndi madzi a zaka zina. Dzino limodzi la chisoti linabenthuka. Dzulo ndinaitulutsa mu sutikesi n'kuiimika pakati pa tobiriwira tija. Mwana anaiyang'ana, naseka, n'kunena kuti ndi yonenepa ngati mphika. Ndinamuuza kuti amenye mphasa ndi chikhatho.