Mphindi Zisanu ndi Ziwiri za Laston

Inu amene mukuona ngati dziko lakufulatirani, imvani za Laston wa ku Mkanda.

Tsiku limene anamutsitsa m'basi ya timu ya mpira ya dziko, Laston anali ndi zaka 24, ndipo pa osewera otchinga kumbuyo panalibe womuposa. Anali atakhala kale pampando pamene mkulu wosunga mapepala a osewera anamuitanira panja.

"Achimwene, pasipoti yanu yakanika. Akuti inu si Mmalawi, munabadwira ku Zambia."

Zinali zoona. Makolo ake anabwera iye ali kumsana, kudzagwira utenanti pa esiteti ya fodya. Anadzera njira ya m'minda, monga amachitira aliyense kumeneko popita kumaliro kapena kuchigayo. Munthu wa m'malire saona malire, amaona mudzi wa azakhali ake. Za chidindo ndani akanaziganiza? Ku timu yake ya ku Lilongwe Laston analowa ndi kalata ya kusukulu, koma kalata ya kusukulu sakwerera ndege.

Basi inanyamuka, iye ataima ndi chikwama m'manja. Analira, tisabise.

Anzake anamulangiza kuti angopeza wina womulembera kalata yabodza yoti anabadwira ku Mkanda. Iye anakana, nati akufuna dziko limulandire monga momwe alili. Anapempha unzika mwa njira yake.

Apa ndiye panagona ntchito. Kunkafunika mboni zomudziwa kuyambira ali khanda, koma bambo ake anali atamwalira, ndipo matenanti sakhalitsa malo amodzi: fodya akagulitsidwa, ena ulendo. Ligi ikatseka, Laston ankapalasa njinga esiteti ndi esiteti kufunafuna nkhalamba zomukumbukira. Ligi ikatsegula, ankabwerera m'bwalo n'kusewera ngati mawa amuitana.

Unzika unatuluka patatha zaka zisanu ndi zinayi, bondo litayamba kale kudandaula. Timu ya dziko inamuitana kamodzi kokha, pa masewero aubale. Analowa kutatsala mphindi zisanu ndi ziwiri, mpira anaukhudza katatu, basi.

Ku Mkanda anamuseka, ati zaka zonsezi kuvutikira nthawi yosakwana n'kuwiritsa tiyi komwe. Laston anachita maphunziro a ukochi, n'kubwerera kwawo kukayambitsa timu ya atsikana.

Ukochi wake unali wachilendo. Mtsikana akabwera kudzayesa mwayi, funso loyamba silinali la nambala imene amasewera. Linali lakuti, "Unabadwira kuti?" Anthu mpaka anamupatsa dzina loti a Chidindo.

Mmodzi mwa atsikanawo anali Tamandani, womwetsa zigoli, mwana wa matenanti ochokera tsidya lomwe lija la Zambia. Laston anayamba kuyendera mapepala ake mtsikanayo ali ndi zaka 13. Bambo ake, a Pius, ankati n'kutaya nthawi, mwana akudya ndi kugona bwinobwino popanda pepala.

"A Pius, inenso ndinkadya ndi kugona," anatero Laston. "Koma basi inandisiya."

Patapita zaka zinayi, Tamandani anaitanidwa ku timu ya dziko ya atsikana. Laston anamuperekeza mpaka ku Lilongwe. Pakhomo la basi panaima mayi wosunga mapepala, ndipo Tamandani anamupatsa envelopu ya mapepala ake, Laston akuyang'anitsitsa ngati envelopuyo ndi yake. Mayiyo anatsegula, anawerenga, n'kuibweza.

"Kwera, mwana wanga."

Basi inanyamuka, Laston ataima panja ngati tsiku lija. Koma ulendo uno kutsala sikunamupweteke. Anakhala akubayibitsa mpaka basi inakhota.

Abale anga, mwina zimene mwavutikira zaka zambiri zakupatsani mphindi zochepa chabe, ndipo anthu akukusekani. Asiyeni aseke. Njira imene mwalambula ndi misozi, wina adzadutsamo osapunthwa. Musafooke, ndipo osataya mtima.