Tsitsi lomwe ndinakana kupempha

Pa pulazi ya ku Tengwe, ku Zimbabwe, ine ndinali folomani wa mabani, nyumba zowotcheramo fodya. Ndikakuwa pa bani yoyamba, wa ku damu ankaponya ndudu pansi n'kuimirira. Palibe anandiuzapo kuti ndibwereze mawu. Sukulu ndinalekera pomwe munthu amatha kulemba pa belo la fodya, zinazi ndinatolera m'Baibulo la akazi anga.

Bambo anga anabwera wapansi kuchokera ku Dedza, ine ndinabadwira pa komboni. Chishona ndimachilankhula kuposa eni ake ena, koma pali liwu limodzi lomwe pakamwa panga pankalikana. Iwo akafuna kunena chifundo amati tsitsi. Kwathu tsitsi ndi la pamutu. Tili achinyamata, munthu akalira kuti "Ndinzwireiwo tsitsi," kutanthauza kuti ndimvereni chisoni, ife tinkamulozera kwa ometa. Ndinakula nditatsimikiza kuti mawu amenewo ine sindidzawanena kwa munthu.

Mapulazi atagawidwa, a pa komboni anabalalika. Ena ku Karoi, ena kokumba golide, ena kumanda. Tinatsala mabanja owerengeka. Malo anadulidwa mapuloti, ndipo kamsitu ka masuku komwe tinkaikako anthu athu kanagwera m'puloti ya bambo wina wochokera ku Hurungwe. Anali wamfupi, wolankhula motsitsa, kale ankayendetsa basi. Ankanditchula achimwene, monga Ashona amatitchulira tonse, kaya ndiwe nkhalamba kaya khanda.

Chaka chake choyamba cha fodya anabwera pakhomo panga chipewa chili m'manja, kudzafunsa za moto wa m'bani. Ndinamuuza kuti bani si basi, abwerere kukaliza hutala. Fodya wake anatuluka wakuda bii. Ndinamuseka pa mjigo, amayi otunga madzi ali pomwepo, kuti fodya wotere ngakhale mbuzi ingamulavule.

Kunyumba akazi anga anati, "Mwaonjeza, abambo. Munthu uja anabwera mwaulemu."

Ndinati ulemu suwotcha fodya.

Zaka zinayi sitinapatsane moni. Iye anatchinga puloti yake ndi waya, masuku aja ali mkati. Kunamveka kuti akufuna kuwadula achite nkhuni za ku bani.

Akazi anga anamwalira mu Okutobala, dzuwa likuswa mtengo. Asanatseke maso anandiuza chinthu chimodzi chokha, kuti ndikawagoneke pafupi ndi ana athu awiri omwe chikuku chinatenga kale, pansi pa masuku paja. Kupanda apo kunali ku manda a khonsolo ku Karoi, pakati pa anthu osawadziwa, pomwe ine sindikanafikako ndi miyendo iyi. Ndinawalonjeza mokweza, monga ndichitira zonse, osaganiza za waya.

Mwana wanga wamkazi ndiye anandikumbutsa.

"Ababa, mupite nokha kwa mwini puloti. Ndipo mukanene mawu aja."

"Mawu ati?"

"Mukuwadziwa."

"Tsitsi langa ndili nalo. Lakelo ndichite nalo chiyani?"

"Amayi agona pamphasa m'nyumbamu, inu mukuchita nthabwala."

Ndinavala jekete yanga ya ufolomani n'kupita. Ndinamupeza akukonza gudumu la ngolo. Njira yonse mawu aja ndinkawayeseza chamumtima, koma nditaima pamaso pake chipewa sichinachoke pamutu, ndipo chomwe chinatuluka chinali ichi:

"Akazi anga amwalira. Mawa tiika pa masuku paja."

Sikunali kupempha kumeneko. Ndi mmene ndinkauzira anthu kuti alowetse nkhuni. Iye anaika sipanala pansi. Akanati ndipite ndikaike m'bani, ine sindikanakhala ndi poyankha, ndipo pa mjigo anthu akanati wabweza bwino. Ndinatsegulanso pakamwa kuti mwina mawu aja atuluke. Sanatuluke.

"Nematambudziko, achimwene," iye anatero. Ndiye pepani wawo ameneyo. Kenako anafunsa, "Okumba muli nawo?"

Kwathu wachibale sakumba manda a m'bale wake. Amakumba ndi adzukulu, anthu a banja lina, ndipo tsiku lawo likafika inunso mumakawakumbira. Adzukulu athu onse anali atapita. Pa komboni panatsala agogo aakazi ndi amuna awiri otupa miyendo.

"Alipo ambiri," ndinatero.

Anagwedeza mutu n'kubwerera ku gudumu lake.

M'mawa mwake ndinamupeza pa masuku ndi alamu ake awiri, mapiki ndi mgolo wa madzi pa ngolo ija. Waya anali ataudula kale ndi pulayala. Dothi linali ngati simenti. Ankathira madzi, kudikira, kukumba pang'ono, kuthiranso. Ine ndinaima pamwamba kuwalozera komwe mutu uyenera kuloza. Dzenje litapendeka ndinawakalipira, mawu anafika mpaka ku damu. Mlamu wina anaponya piki n'kufunsa ngati mdalayu akudziwa kuti ali m'munda wa yani. Mwini puloti anangoti, "Tola piki, wongola." Anawongola.

Tinaika masana. Amayi a Mvano omwe anatsala anaimba nyimbo ziwiri, mawu ochepa, Ashona n'kumathandiza pomwe nyimbo yake ikufanana ndi yawo. Akazi anga anagona pafupi ndi ana awo.

Kwathu maliro satha mpaka ofedwa atametedwa, ndipo munthu sadzimeta yekha, amamumeta mdzukulu yemwe anakumba. Ine ndinali nditaganiza zongozisiya. Koma mwana wanga anakafotokozera bambo uja mwambo wonse osandiuza, ndipo tsiku lometa ndinamuona akubwera ndi lezala ndi kachidutswa ka sopo. Ndinakhala pa chitsa m'mphepete mwa munda wake. Kumeta sankadziwa, monganso fodya. Ankakoka, ankakanda, ine n'kumalimba mtima.

Ali pakati, anatola kamtolo ka imvi paphewa panga n'kundionetsa.

"Ichi pa chilankhulo chanu mumati chiyani?"

Ankadziwa. Palibe Mshona wa ku Tengwe yemwe sadziwa.

"Tsitsi," ndinatero.

"Ndiye munali nalo lambiri chonchi, achimwene, n'kundimana chaka chija?"

Agogo aakazi anaseka mpaka kugwirana, koyamba chiikire maliro. Ine ndinati, "Metani, baba, musalankhule, mundidula khutu." Anandiduladi pang'ono. Chipsera chilipo.

Sindidziwa ngati bambo ameneyu ankandikonda. Sindinamufunse, ndipo sindikuona chomwe akanandikondera. Ndaona eni atatu a nthaka ino, ndaona komboni itadzaza ndi itatha. Chomwe chinkatisunga ife anthu opanda kwathu si mzungu kapena boma ayi. Chinali chakuti ukagwa, munthu yemwe si m'bale wako amanyamula piki. Zimenezi ndinkaziona zaka zonse, koma ndinkayesa kuti ndi dongosolo la ntchito chabe, ngati kusinthana pa moto wa bani.

Mu Febuluwale, fodya atayamba kuthyoledwa, ndinadzuka m'mamawa n'kupita ku bani yake osaitanidwa. Ndinagwira khoma, ndinanunkhiza pa chitseko, ndipo ndinamufunsa ngati akuwotcha fodya kapena akuphika njerwa. Ndinamuuza achotse zikuni ziwiri, atsegule pamwamba. Anachotsa, anatsegula. Ndinabwera tsiku lililonse mpaka masamba anatuluka achikasu. Nkhuni ndinamulozera ku bulugamu wakale wa kuseri kwa damu, ndipo masuku sanawakhudze.

Pano akamalima, khasu la ng'ombe amalikweza akafika pa masuku paja. Pambali pa akazi anga wasiya malo otalika ngati munthu. Tsiku lina ndinamuuza kuti malowo ndi aafupi, ine ndine wamtali. Anawonjezera phazi limodzi. Mawu aja mpaka lero sindinawanene.