Sopo wa chidulo

Mwana wanga woyamba ali ndi miyezi isanu ndi iwiri, khungu la m'mphechepeche mwake linayamba kusupuka. Tinkakhala ku Lirangwe kuseri kwa msika, ine, mwanayo ndi apongozi anga. Bambo ake ankagwira ntchito m'tauni, kunyumba ankabwera Loweruka lokha. Ndikamuvula thewera, mwana ankalira mpaka mawu kusasa, inenso n'kuyamba kulira naye.

Kuchipatala anamwino anangonunkhiza thewera n'kundifunsa chimene ndimachapira. Ndinati sopo waufa, wonunkhira uja. Anati ndimusiye, ndipeze wopanda fungo komanso wopanda utoto. Ndinazungulira magolosale onse a pa Lirangwe mpaka miyendo kuwawa. Uyu wobiriwira, uyu wabuluu, uyu wonunkhira ngati mkwatibwi. Ndinayesa awiri, zilonda zinangofiirirabe.

Apongozi anali nalo kale yankho lawo. Anati ndi tsempho, matenda amene amati amagwira khanda makolo akalephera kudzisunga. Ponena izi ankayang'ana ine, osati chithunzi cha mwana wawo chimene chinali pakhoma.

"Mwanayu akufunika mphini," anatero. "Ndikupatsani masabata awiri. Akapanda kuchira, Loweruka lachiwirilo ndikupita naye kwa asing'anga."

"Amayi, khungu lake n'losupuka kale. Lezala alowanso pati?"

"Ndalera ana asanu ndi mmodzi ine. Inu mwalera angati?"

Mantha anandigwira, mkwiyonso unandigwira, koma nyumba inali yawo.

M'mawa mwake ndinabereka mwana, kukwera minibasi, kenako kabaza, ulendo wa ku Chileka kwa amayi aakulu, akulu awo a mayi anga. Iwowa ankadzipangira okha sopo zaka zimene anasowa m'masitolo. Ndinawapeza akuthamangira kumaliro, ndiye anandifotokozera ali chiimire kuti pamafunika mafuta a ng'ombe ndi chidulo. Atangoti chidulo, makutu anga anatsekeka. Ndi mkazi uti sadziwa kucheza chidulo? Ndakhala ndikuphikira therere chiyambire utsikana wanga. Zina zonse zimene ananena zinangodutsa.

Nditabwerera ndinawotcha zitsononkho, phulusa n'kuika m'chitini choboola, madzi n'kumadontha monga ndimachitira masiku onse. Ndinasungunula mafuta a kubutchala, kuthira chidulo, n'kuyamba kutakasa. Ndinatakasa kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka. Mafuta pamwamba, madzi pansi, ngati anthu okwiyitsana. Tsiku lotsatira chimodzimodzi, linalonso chimodzimodzi.

"Therere lanulo lipsa liti?" anafunsa apongozi akudutsa.

Ndinangopitiriza kutakasa, chifukwa ndikanatsegula pakamwa ukwati ukanathera pomwepo. Mwana anali atasiya ngakhale kukwawa, ankangogona miyendo ili tang'a. Ndinadziona chitsiru chotheratu.

Ndinabwereranso ku Chileka ndi zonyansazo m'kachigubu. Amayi aakulu anaviika chala, kunyambita, n'kuseka mpaka kutsokomola.

"Mwana iwe, ichi n'chidulo cha ndiwo. Cha sopo sichinyambitika, chimaluma."

Tinayambiranso pamodzi. Madzi omwewo tinkawabweza pa phulusa latsopano kangapo konse, kenako tinawawiritsa mumphika wadothi mpaka dzira laliwisi litayandama. Anandiletsa kugwiritsa poto wachitsulo chopepuka, anati chidulo chotere chimamudya. Titathira mafuta n'kutakasa, zinagwirana n'kukhala ngati phala lolimba lotuwa. Anati sopo wa phulusa sauma ngati wamtanda wa m'sitolo, ndisamutaye, ndingomusiya masiku angapo kuti ukali uchepe. Masiku angapowo ndinkawawerenga m'zala ngati mkaidi.

Lolemba la sabata yomaliza ndinachapira sopoyo matewera onse. Pofika Lachinayi zilonda zinali zitayamba kuuma m'mbali, ndipo mwana anagona masana onse osadzuka. Ndinamunyamula kukaonetsa apongozi. Anayang'ana nthawi yaitali n'kungoti, "Aha." Ine ndinati basi nkhondo yatha.

Lachisanu m'mawa ndinamusiya ali m'tulo n'kupita kumjigo ndi beseni la matewera. Mzere unali wautali. Amayi aakulu anali atandiuza kuti sopoyu amafuna kutsukuluza kanayi, ndiye ndikatsukuluza kamodzi ndinkabwerera kumbuyo kwa mzere kukadikiranso madzi. Ndinaimba nyimbo tsiku limenelo, ine amene ndinali nditaiwala kuimba.

Pobwera ndinamupeza ali pamiyendo ya agogo ake, sakulira, akungosisima. M'chiuno mwake munali mphini zitatu uku, zitatu uku, zopakidwa mankhwala akuda, magazi asanaume.

"Ndinaona kuti bambo ake akabwera mawa muwanyengerera," anatero apongozi, osandiyang'ana.

Beseni linagwa, matewera onse m'fumbi. Ndinamulanda mwanayo n'kukhala naye pansi pomwepo. Mawu amene ndinalankhula tsiku limenelo sindingawabwereze, ndipo mpaka lero sindinapepese.

Anachira sabata yotsatira. Pamalo ponse pamadziwika kuti anachira ndi mphini, ndipo ndinatopa kutsutsa. Panopa ali kusukulu, koma ndikamamusambitsa zala zanga zimadutsabe pa timizere tija. Ndikanatsukuluza kawiri kokha ndikanamupeza apongozi asanamutengere kwa asing'anga.