Chitseko cha Bambo a Pakhonde

Pamdadada wathu wa nyumba za lendi pali bambo ena achikulire omwe kale ankatumidwa ndi khoti kukatulutsa anthu m'nyumba. Masiku ano amangokhala pakhonde ndi wailesi yawo. Wina akabwera akulira kuti akuthamangitsidwa, iwo amangofunsa kuti, "Kalata ya khoti yabwera? Ngati sinabwere, kaphikireni ana."

Mwezi watha eni nyumba anazula chitseko cha mayi wina wa ana atatu kuti atope, asamuke yekha. Bambowo sanakangane ndi munthu. Anazula chitseko chawo n'kukachikhoma kwa mayiyo.

"Nanga inu mugona bwanji, bambo?" anafunsa mayiyo.

"Iii, ndisiye, mwana wanga. Zaka makumi awiri ndinkangozula zitseko za anthu. Ichi n'choyamba kukhoma."