Ba Morris ndi Mawaya a Volvo Yakale

Ba Morris Bwembya agwira ntchito ya magetsi a galimoto pa galaja ina ya ku Kabwata zaka makumi atatu ndi zinayi, koma chibadwire sanasiyanitsepo chofiira ndi chobiriwira. Kwa iwo zonsezo ndi mtundu umodzi, wonga dothi. Inde, munthu wa mawaya! Pa maloboti amangodziwa kuti ikayaka nyali ya pamwamba uime. Akazi awo, ba Beatrice, analeka kalekale kuwatuma tomato kumsika, chifukwa ankabwera ndi wosapsa, ali kumwetulira ngati agula zanzeru. Kupatula mayiwo, palibe ankadziwa chinsinsichi.

Nanga ntchito ankaigwira bwanji? Anali ndi babu laling'ono la mawaya awiri, ndi ulusi wotsala pa makina osokera a ba Beatrice. Waya aliyense ankamulondola ndi zala kuchokera kumene wayambira, kumuyesa ndi babu, kenako kumumangirira ulusi: mfundo imodzi wa moto, ziwiri wa swichi, zitatu wa ku bodi ya galimoto. Anzawo ankawaseka kuti mdala amachedwa. Amachedwadi, koma galimoto imene anaigwira sinabwerereko ikununkha utsi.

Mwini galaja atamwalira, mwana wake Dingani Mutale anatenga malo, nabwera ndi kompyuta yopimira magalimoto. Tsiku lina ali pansi pa galimoto anapempha ba Morris kuti amupatsire waya wofiira. Anamupatsa wobiriwira. Anapemphanso, iwo nkumupatsa womwewo. Dingani anatuluka pansi paja, nawayang'ana nthawi yaitali.

“Ba Morris, simuona makala?”

Chinsinsi cha mitundu chija chinali chitaululika. Lachisanu lake analandira kalata yoti mwezi ukatha apume. Kupuma chiyani, munthu manja akadali olimba! Zinawawawa kwambiri, ndipo manyazi anaposa ululuwo, poti galaja yonse inali itamva.

Kutatsala sabata imodzi kuti mwezi uthe, inafika Volvo ya 1967, yoyendetsedwa ndi mayi wina wa ku Kabulonga, ba Vivian Mpundu, namwino wopuma pantchito. Inali ya malemu bambo awo. Galimoto imeneyi ili ndi ovadiraivi, giya yowonjezera pamwamba pa yachinayi, yolowa ndi magetsi: ukakankha kaswichi pafupi ndi chiwongolero, injini imatsitsa mawu koma liwiro osatsika. Ba Vivian ankaikumbukira ali mwana, koma ovadiraiviyo inali itafa zaka zambiri, ndipo magalaja atatu anali atailephera.

Dingani anazungulira galimoto ndi kompyuta yake kufuna polowetsa. Polowetsa pati, pa galimoto yoposa iye msinkhu? Anatulutsa pa foni chithunzi cha mawaya: wachikasu apite uku, wofiira uko. Atasuzumira pansi pa dashibodi anatukwana chamumtima. Zaka pafupifupi makumi asanu ndi limodzi za dzuwa, fumbi ndi oilo zinali zitasandutsa mawaya onse mtundu umodzi, ndipo amisiri a m'mbuyomo anali atalumikizamo zidutswa zawozawo. Amakaniko ena awiri anasuzumiranso, napukusa mitu.

Ba Morris anali pa benchi, akupukuta sipanala yoyera kale.

“Ba bosi, nipatseni niyeseko,” anatero.

“Imwe? Si paja makala simuona?”

“Nanga imwe muyaona apo?”

Ba Vivian anaseka mpaka kugwira chitseko. “Apatseni ba Bwembya, mwana wanga. Motoka ni yanga.”

Kwa ba Morris mawaya aja sanali achilendo ngakhale pang'ono, poti mawaya onse a padziko amaoneka choncho kwa iwo. Anayamba pa fyuzi, babu m'manja, ulusi pakamwa. Masiku awiri analondola waya mmodzimmodzi, kuchoka pa fyuzi kupita ku kaswichi ka pa chiwongolero, kuchoka apo kutsikira ku solenoidi, kachitsulo kamene kamakankha ovadiraivi moto ukafika. Tsiku lachitatu m'mawa, atagona chagada pansi pa galimoto, anapeza chinthu choopsa. Pamwamba pa giyabokosi pali kaswichi kena kolondera, kololeza moto kudutsa mu giya yachinayi yokha. Mmisiri wina waulesi anali atakalambalala, nkulumikiza dailekiti monga achitira ambiri m'tauni muno. Mwayi wake fyuzi inali yopsa. Ovadiraivi ikalowa galimoto ikubwerera m'mbuyo, zamkati zimaphwanyika nthawi yomweyo, ndipo ina simungaipeze pa shopu iliyonse mu Lusaka.

Anakamasula kaswichi kaja, kukatsuka ndi petulo, kuchotsa washala mmodzi, kamphete kopyapyala ka pansi pake, kuti kafike bwino, nakabwezera, nkuchotsa waya wolambalala uja ndi kuika fyuzi yatsopano. Kenako anakhazika ba Vivian pa chiwongolero, injini yozima, kiyi yotsegula, kuti azilowetsa giya imodziimodzi iwo akuyang'ana babu.

“Amama, ngenesani wanu.” Babu zii. “Thuu.” Zii. “Fili.” Zii. “Manje foo.”

Babu linayaka, solenoidi nkuti tha!

“Livesi.” Giya ya m'mbuyo italowa, babu linazima. Anabwereza kasanu konse, chifukwa ba Morris sakhulupirira chinthu chimene chachitika kamodzi.

Masana anapita kukaiyesa ku msewu wa Leopards Hill, kupitirira Woodlands. Ba Vivian ankayendetsa, ba Morris pambali, Dingani kumbuyo atapinda manja. Msewu utatseguka, giya yachinayi ikulira, mdala anati, “Manje.” Mayi anakankha kaswichi. Galimoto inagwedezeka pang'ono, phokoso la injini linatsika, ndipo inayamba kuyenda mofewa ngati yapepukidwa. Ba Vivian anakuwa, “Iyee, ni yamene iyi! Ni mwamene inali kumvekela na adadi!” Misozi inali mbwembwembwe, ndipo sanaipukute.

Chisangalalo chomwecho chinawaiwalitsa. Pofuna kutembenuka pa geti ina, anaponya giya ya m'mbuyo kaswichi kakadali koyatsa. Dingani anaona, nakuwa, “Amama, swichi!” Mochedwa, phazi linali litachoka kale pa kilachi. Ba Morris sanatambasule nkomwe dzanja. Volvo inabwerera m'mbuyo mwakachetechete, bwinobwino, popanda ngakhale kakulira kamodzi.

“Musayope, ba bosi,” anatero mdala. “Ku livesi moto siufika.”

Atabwerera ku Kabwata, ba Vivian anaima pakati pa galaja nkulengeza kuti anzawo onse a magalimoto akale, ndipo ndi ambiri ndithu, adzawatumiza kwa ba Bwembya, kaya akhala pano kaya pansi pa mtengo. Dingani si chitsiru. Anakanda m'mutu, nayandikira mdala uja amakaniko onse akuona.

“Ba Morris, ija kalata muitaye. Ninalakwa. Pa Mande mubwele.”

“Nizabwela,” anayankha ba Morris.

Kenako anazungulira galimoto ija pang'onopang'ono, akusisita bodi ndi chikhatho. Zaka zonsezi funso ili ankalimeza, kuopa kugwidwa. Tsiku limenelo analifunsa mokweza, galaja yonse ikumva.

“Amama, nanga motoka yanu iyi ni ya kala bwanji?”

“Ni yofiila, ba Bwembya. Yofiila piliwili.”

“Oho,” anatero ba Morris, akuseka ndi mano onse. “Kansi nakonza motoka yofiila.”